Chenjezo kwa anthu a ku Katondo: mbava zikubisala m'dzina la 5G

Amayi ndi abambo, agogo athu, ndi inu achinyamata a ku Katondo ndi Kabwe yense: munthu akakuimbirani foni n'kunena kuti akufuna kukweza SIM yanu kuti iyambe kugwira 5G, dulani foniyo pompopompo. Musamuuze PIN yanu ya mobile money. Musamuwerengere manambala amene angolowa kumene pa meseji. Musadinde manambala amene akukulamulani kudinda, ndipo musamupatse nambala ya chitupa chanu cha NRC. Kaya adzitcha wa ku MTN, wa ku Airtel, wa ku Zamtel kapena wa ku bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA, dziwani kuti onsewa safunsa munthu PIN yake pa foni. Amene akufunsayo ndi mbava, ndipo chomwe akufuna ndi ndalama zanu.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Werengani chenjezoli mpaka kumapeto, kenako mukafotokozere amene sadziwa kuwerenga.

Mmene 5G imafikira munthu

Mbava zimadyera pa kusadziwa kwathu, choncho tiyambe ndi kudziwa chinthucho. Mafoni akhala akusintha m'mibadwomibadwo. Netiweki ya 2G inatipatsa mawu ndi mameseji. Ya 3G inabweretsa intaneti m'manja. Ya 4G inachititsa kuti tizionera mavidiyo ndi kuimbirana tikuonana nkhope. Ya 5G ndi m'badwo wachisanu: imathamanga kwambiri, siichedwa kuyankha, ndipo nsanja imodzi imatha kutumikira zipangizo zambiri nthawi imodzi. M'Zambia muno MTN inakhazikitsa 5G mu Novembala 2022, itayamba yaiyesa mu Januwale chaka chomwecho pamodzi ndi kampani ya Huawei, ndipo malo oyamba anali ku Lusaka, ku Copperbelt ndi kumigodi ya ku North-Western. Airtel inatsatira mu Julaye 2023.

Kuti 5G igwire pa foni yanu pafunika zinthu zitatu. Choyamba, kampani ikhale itamangirira zipangizo za 5G pa nsanja ya kufupi ndi inu. Chachiwiri, foni yanu ikhale yopangidwa kuti izigwira 5G, chifukwa foni ya mabatani kapena ya 4G singasinthike, ngakhale mutadinda manambala otani. Chachitatu, mukhale pamalo pamene mafunde a nsanjayo akufika. Mafunde amene 5G imagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri, a m'ma 3.5 GHz, amanyamula zambiri koma sapita patali ndipo amafooka akakumana ndi makoma. N'chifukwa chake 5G imafika dera ndi dera, nsanja ndi nsanja, malinga ndi kumene kampani yaika zipangizo, mawaya a fiber ndi magetsi okwanira.

Pa zitatuzi palibe chimene munthu angakuchitireni pokuimbirani foni. Nthawi zambiri SIM ya 4G imagwira 5G yokha popanda kusintha chilichonse. Pakafunika SIM yatsopano, zimenezo zimachitika ku shopu ya kampani, inu muli pomwepo ndi NRC yanu m'manja. Palibe malipiro oti "atsegule 5G", ndipo palibe amene adzatseke nambala yanu lero chifukwa choti simunakweze.

Mmene akubera

Kale amayi athu ankamanga ndalama pamfundo ya chitenje. Lero mfundo imeneyo ndi nambala ya foni. Pamenepo m'pamene pali ndalama za lendi, za fizi, za chilimba, za tomato amene agulitsidwa pamsika, ndi zimene mwana watumiza kuchokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg. Amene walanda nambala yanu walanda zonsezo.

Zimayenda motere. Foni ilira masana, inu muli pakati pa ntchito. Woimbayo ndi waulemu, amakutchulani "amayi" kapena "abwana", mwina akudziwa ndi dzina lanu lomwe. Akuti pali ntchito yokweza manambala onse, ndipo amene sakweza lero nambala yake itsekedwa usiku uno. Mukadali pa foni, meseji ilowa yokhala ndi manambala angapo. Iye akuti, "Ndiwerengereni manambala amenewo kuti nditsirize." Manambala amenewo ndi chitsimikizo chimene kampani kapena banki yatumiza kwa mwini nambala yekha, chifukwa woimbayo ali kale mkati moyesa kulowa mu akaunti yanu. Mukangomuwerengera, mwamutsegulira nokha. Ena amakuuzani kuti mudinde manambala motsatizana, kumapeto muike PIN; mukaika, mwatumiza ndalama ndi dzanja lanu. Enanso amatumiza linki pa WhatsApp kapena pa Facebook yolonjeza mabandulo aulere a 5G, ndipo linkiyo imakufikitsani pa tsamba lofanana ndi la kampani lomwe ntchito yake ndi kukolola maPIN.

Choopsa kwambiri ndi kusamutsa nambala yanu kupita pa SIM ina, kumene amati SIM swap. Mbava ikasonkhanitsa dzina lanu, nambala ya NRC ndi zina zokhudza inu, imayesa kudzionetsa ngati mwini nambala amene wataya foni. Zikaitheka, foni yanu imangoti zii. Timizere ta netiweki timachoka, pagalasi pamalembedwa kuti palibe netiweki, pamene mafoni a anzanu a kampani yomweyo akugwira bwinobwino. Ambiri amaganiza kuti ndi vuto la nsanja, nadikira mpaka mawa. M'maola amenewo mameseji onse a banki ndi a mobile money akupita kwa wakubayo, ndipo amathanso kutenga ngongole ya pa foni m'dzina lanu.

Chinyengo cha dzina la 5G si chachilendo. Ku India 5G itakhazikitsidwa mu Okutobala 2022, apolisi a m'mizinda ingapo anachenjeza anthu za mbava zonamizira kukweza maSIM. Kulikonse kumene kwafika chinthu chatsopano chimene anthu akuchifuna koma sanachimvetse, akamberembere amafika msanga.

Musaganize kuti ndi tianyamata tongosewera. Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi nthambi zina za boma anathyola gulu lina ku Roma mu Lusaka, pakampani yotchedwa Golden Top Support Services. Anagwira anthu 77 ndipo anapeza maSIM oposa 13,000 ndi makina oikamo maSIM ambiri nthawi imodzi, amene amabisa kumene foni ikuchokera. Ambiri mwa ogwidwawo anali achinyamata a m'Zambia muno amene analembedwa ntchito yolankhula ndi anthu pa foni ndi pa intaneti potsata mawu olembedwa kale. Mu Juni chaka chomwecho khoti linagamula nzika 22 za dziko la China ndi mmodzi wa ku Cameroon kukakhala kundende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Inu achinyamata amene mukusaka ntchito, mverani: ntchito yokuuzani kuti mudzitche dzina lina polankhula ndi anthu, kapena yokupemphani kulembetsa maSIM pa NRC yanu kuti wina azigwiritsa ntchito, mapeto ake ndi unyolo. Mlandu ukapalamulidwa ndi SIM imeneyo, apolisi adzagogoda pakhomo la amene dzina lake lili m'kaundula.

Zida zatsopano za akuba

Akatswiri ofufuza za manetiweki akulimbana ndi mabowo awiri amene tonse tiyenera kuwadziwa.

Loyamba ndi nsanja zabodza. Netiweki yakale ya 2G inapangidwa mwakuti nsanja imatsimikiza foni, koma foni siitsimikiza nsanja. Munthu wokhala ndi kachipangizo konyamulika m'galimoto kapena m'chikwama angathe kukopa mafoni a pafupi kuti atsikire pa 2G, n'kuwatumizira meseji yooneka ngati yachokera ku banki kapena ku kampani ya mafoni. Anthu ochita zimenezi agwidwapo kale ku Bangkok ndi ku London. Okonza 5G anayesetsa kutseka bowo limeneli, ndipo pa 5G yoima payokha nambala yozindikiritsa SIM imabisidwa isanatumizidwe mumlengalenga. Koma malinga ngati mafoni athu akubwererabe pa 2G pamene netiweki yafooka, bowolo lilipobe. Phunziro lake n'lakuti dzina lolembedwa pamwamba pa meseji si umboni wakuti yachokera kumeneko.

Lachiwiri ndi mawu opangidwa ndi makompyuta. Masiku ano pali mapulogalamu amene, akamva mawu a munthu kwa kanthawi kochepa, amatha kulankhula ngati iyeyo. Kumayambiriro kwa 2024 wantchito wa kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni atakhala pamsonkhano wa pa vidiyo ndi anthu ooneka ngati mabwana ake, pamene nkhope ndi mawu onsewo zinali zopanga. Ngati wantchito wa kampani yaikulu chonchi anapusitsidwa, nanga agogo amene amva mawu a mdzukulu wawo akulira kuti ali m'chitokosi ndipo pafunika ndalama msanga? Intaneti ikamathamanga, zinthu zoterezi zimafalanso mosavuta. Mukalandira foni yotero, dulani, muimbire mwini wakeyo pa nambala imene mumaidziwa, kapena mufunse funso la m'banja limene mlendo sangaliyankhe.

Nsanja si mdani wathu

Pali mphekesera zakuti nsanja za 5G zimadwalitsa anthu. Ife a ku Kabwe tili ndi chifukwa chomveka chokayikira tikauzidwa kuti chinthu n'chosaopsa. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pano mu 1902, mgodi wa Broken Hill unagwira ntchito zaka zambirimbiri mpaka kutsekedwa mu 1994, ndipo fumbi lake likadali m'nthaka ya Kasanda, Chowa, Makululu ndi Katondo yathu ino. Ana ambiri a m'madera amenewa apezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi, monga aonetsera akatswiri a University of Zambia ndi anzawo a Hokkaido University ya ku Japan. Choncho amene akufunsa za nsanja asanyozedwe. Ayankhidwe ndi umboni.

Umboni wake ndi uwu. Mafunde a foni ali m'gulu limodzi ndi a wailesi ndi a wailesi ya kanema. Alibe mphamvu yothyola tizigawo ta m'thupi monga amachitira mafunde a X-ray. Chimene amachita akachuluka ndi kutenthetsa pang'ono, ndipo bungwe la ICNIRP linaika malire ake, amene linawaunikanso mu 2020 kuphatikizapo mafunde a 5G. Mu 2011 nthambi ya World Health Organization (WHO) yofufuza za khansa inaika mafunde amenewa m'gulu la zinthu zimene umboni wake ndi wochepa ndipo zifunika kufufuzidwabe. Kafukufuku anapitirira, ndipo mu 2024 kuunika kwakukulu kumene WHO inalamula sikunapeze kugwirizana pakati pa kugwiritsa ntchito foni ndi khansa ya mu ubongo. Za Covid-19 n'zoonekeratu: matendawa anapezeka koyamba m'Zambia mu Malichi 2020, pamene 5G inali isanayesedwe n'komwe m'dziko muno. Kachilombo sikayenda pa mafunde a wailesi. Komabe bodza limeneli linachititsa kuti anthu atenthe nsanja ku Britain mu 2020 ndi ku KwaZulu-Natal ku South Africa mu Januwale 2021, ndipo amene anavutika ndi anthu wamba a m'maderawo amene anasowa poimbira foni.

Chiphe chenicheni chokhudzana ndi nsanja chili pansi pake, m'kabati yachitsulo, ndipo chimatuluka munthu akachiba. Nsanja iliyonse imakhala ndi mabatire, ndipo zambiri zimakhalanso ndi jenereta ya dizilo kapena masola. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinachititsa Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza za ngozi yogwera dziko mu Febuluwale, madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Nthawi imeneyo netiweki inkadalira mabatire ndi dizilo, ndipo pamene zimenezi zatha kapena zabedwa, mafoni ankangoti zii. Wakuba batire la pa nsanja waba foni ya mayi amene akufuna galimoto yopita naye kuchipatala usiku.

Mabatire ambiri akale ndi a mtovu, mtovu womwewo umene watisautsa. Wina akaliswa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, asidi amamukhuthulira pansi kapena m'ngalande. Timapale totuwa ta mkati amatisungunula mumphika pambaula, utsi wake n'kumalowa m'nyumba zoyandikana. Phulusa ndi fumbi zimatsala pabwalo pamene mwana akukwawa, nayika zala m'kamwa. Ku Thiaroye-sur-Mer, m'mbali mwa mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha mtovu wochokera ku ntchito yoswa mabatire pakati pa nyumba za anthu. WHO imanena momveka kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwino. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo chimene chawonongeka sichibwerera. Nthaka ya Katondo yasenza kale katundu wolemera. Tisaionjezere wina ndi manja athu. Mabatire atsopano a lithium nawo ali ndi ngozi yawo: akaboyoledwa kapena kulumikizidwa molakwika amayaka moto wovuta kuzimitsa. Kuwotcha mawaya ndi mafoni akutha kuti mupeze kopa nako kumatulutsa utsi wa poizoni.

Choncho wina akabwera madzulo ndi batire lalikulu lotsika mtengo, lopanda risiti, lokhala ndi chizindikiro chokandidwa, kuti mulumikize ku sola yanu, musagule. Kugula katundu wobedwa ndi mlandu, ndiponso amene akugula ndiye akutuma wakubayo kubwerera ku nsanja.

Zimene zikubwera

Nkhaniyi sithera pa 5G. Mu 2023 bungwe la International Telecommunication Union linavomereza ndondomeko ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, 6G, umene ukuyembekezeka cha m'ma 2030. Intaneti ya pa setilaiti ya Starlink inafika kale m'Zambia mu Okutobala 2023. Mafunso amene akatswiri a dziko lonse akulimbana nawo ndi omwewo amene tikukhala nawo kuno: nsanja ingagwire bwanji ntchito ndi magetsi ochepa, netiweki ingafike bwanji kumudzi pa mtengo umene mlimi angakwanitse, foni ingazindikire bwanji nsanja yabodza, ndipo zipangizo zakutha zitayidwe kuti. Kabwe ali ndi Mulungushi University ndi Kwame Nkrumah University. Ana athu amene akuphunzira kumeneko ndiponso m'masekondale aphunzire zinthu izi mozama, kuti luso lawo likhale lotiteteza. Nawo makampani a mafoni, ZICTA ndi bungwe loona za chilengedwe la ZEMA ali ndi udindo: kukhwimitsa njira yosinthira SIM, kuyankha msanga madandaulo, kusonkhanitsa mabatire akutha, ndi kulankhula nafe m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chilenje asanamange kapena kusintha nsanja pakati pathu. Koma dzina latsopano lililonse likadzamveka, kaya 6G kaya setilaiti, mbava zidzabwera nalo ndi nkhani yomweyi. Amene wamvetsa lero sadzapusitsidwa mawa.

Chitani izi

PIN ndi yanu nokha. Musaiuze woimba foni, wa pa booth, mwana kapena mnzanu. Musagwiritse ntchito chaka chanu chobadwa kapena manambala otsatizana, ndipo musailembe kuseri kwa foni. Pa booth dindani nokha, mutaphimba ndi dzanja. Inu amene mumagwira ntchito m'mabooth, musalandire foni ya kasitomala kuti mumuikire PIN, ndipo mukaona agogo akutumiza ndalama foni ili kukhutu, wina akuwalamula, aimitseni muwafunse.

Wina akati wakutumizirani ndalama molakwika, musabweze potengera meseji. Yang'anani kaye balansi yanu, ndipo mumuuze aimbire kampani kuti ibweze yokha.

Foni yanu ikataya netiweki pamene za anzanu a kampani yomweyo zikugwira, izimitseni n'kuiyatsanso. Ikakanabe, musagone. Bwerekani foni, muimbire kampani ndi banki yanu kuti atseke akaunti, kenako mupite ku shopu ya kampaniyo ndi NRC.

Nambala imene yakuimbirani kapena kukutumizirani meseji yachinyengo ineneni podinda *707#, njira imene ZICTA inakhazikitsa. Madandaulo ena kwa ZICTA amapita pa 7070. Pitaninso ku shopu ya kampani mukafunse manambala amene analembetsedwa pa NRC yanu, ndipo amene simukuwadziwa atsekedwe.

Mukaberedwa, musafufute meseji iliyonse. Pitani kupolisi tsiku lomwelo ndi foniyo. Musachite manyazi, chifukwa aphunzitsi, abusa ndi amalonda ochenjera aberedwapo mwa njira yomweyi, ndipo kukhala chete kwanu kumapatsa mbavayo mpata wobera mnansi wanu.

Mukaona anthu akuthyola mpanda wa nsanja, akutulutsa mabatire kapena dizilo, dziwitsani apolisi. Musalimbane nawo nokha. Mukaona wina akuswa kapena kusungunula mabatire pakati pa nyumba, chotsanipo ana, mudziwitse khansala wa dera lanu, a khonsolo ya Kabwe kapena a ZEMA. Mwana amene wakhala akusewera pamalo otero mupite naye kuchipatala, mukafotokoze za mtovu ndi kupempha kuti apimidwe magazi.

Abusa, mashehe, aphunzitsi, atsogoleri a misika ndi a magulu a chilimba, lengezani zimenezi pamsonkhano wanu woyamba sabata ino. Inu achinyamata, madzulo ano khalani pansi ndi makolo ndi agogo anu, foni ili m'manja. Asonyezeni mmene meseji yabodza imaonekera, athandizeni kusintha PIN inu mutayang'ana kumbali, ndipo mugwirizane lamulo limodzi la pabanja panu: ndalama sizituluka chifukwa cha foni ya mlendo mpaka wina wa m'banjamo atafunsidwa.